Kusaka nkhani za kafukufuku wa mankhwala ndi zaumoyo: zikavuta, yambirani apa

Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi kuno ku Mufakose, sipalephera kupezeka wina wondidikirira panja, laputopu ili m'chikwama. Ambiri ndi ana athu amene akuphunzira za mankhwala kapena unamwino m'makoleji a muno mu Harare, ndipo dandaulo lawo ndi limodzimodzi chaka ndi chaka. Mwezi watha anali mwana wa mlongo wanga. Anakhala pa benchi, natsegula PubMed, nkuti, "Amalume, taonani. Ndachezera usiku wonse, koma akungondipatsa nkhani ziwiri zokha, zosagwirizananso ndi mutu wanga." Nditasuzumira m'kabokosi kosakira ndinapeza kuti walembamo mutu wonse wa kafukufuku wake, mizere iwiri yathunthu, mpaka dzina la dera la Mabvuku. Ndinamuuza kuti, "Iwe, makinawa samva zimene ukutanthauza. Amangofananitsa mawu amene walemba ndi mawu amene asunga." Titafafaniza zonse nkusiya mawu atatu, nkhani zinachita kusefukira.

Mavuto ambiri amene ndimawaona gwero lake ndi lomwelo. Ndalemba izi potengera PubMed, nkhokwe yaulere ya National Library of Medicine ya ku America imene ili ndi mitu ya nkhani yopitirira 35 miliyoni, chifukwa ndiyo tonse timaifikira popanda kulipira. Zambiri zikugwiranso ntchito pa nkhokwe zina monga Cochrane Library, CINAHL ndi Embase ngati sukulu yanu ili nazo. Pansi pa vuto lililonse ndayamba ndi chimene chimachitika kawirikawiri.

## Palibe chatuluka, kapena zatuluka zowerengeka

1. Mwalemba chiganizo chonse. PubMed imaika AND pakati pa mawu anu onse, ndiye kuti ikufuna nkhani imene muli liwu lililonse limene mwalemba. Liwu limodzi losowa, monga dzina la kiliniki ya kwanu, limagwetsa zonse.
- Patulani funso lanu m'zigawo: mankhwala ati, matenda ati, anthu ati.
- Yambani ndi zigawo ziwiri. Chachitatu muonjezere mutaona kuchuluka kwa zotuluka.
- Dzina la dera kapena chipatala lisiyeni kaye.

2. Zosefera za kale zikadali zoyaka. Mukachonga Free full text kapena zaka zisanu zapitazi, PubMed siizimitsa yokha mukayamba kusaka china. Pa kompyuta ya mu laibulale mwina anachonga ndi munthu amene anakhalapo inu musanafike. Yang'anani pamwamba pa zotuluka ngati palembedwa Filters applied, ndipo dinani Clear all.

3. Dzina la mankhwala si limene nkhokwe imagwiritsa ntchito. Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ife a zamankhwala timapunthwa kwambiri. Ife tinaphunzira mayina a ku Britain ndi a World Health Organization, pomwe mndandanda wa mitu wa PubMed, wotchedwa MeSH, umatsata mayina a ku America:
- paracetamol ndi acetaminophen
- salbutamol ndi albuterol
- adrenaline ndi epinephrine
- rifampicin ndi rifampin
- glibenclamide ndi glyburide
- pethidine ndi meperidine

Mukalemba paracetamol payekha, PubMed imadziwa kum'lumikiza ndi acetaminophen. Koma mukamuika m'mitengero, kapena mukasankha kusaka mu Title/Abstract mokha (m'mutu ndi m'chidule cha nkhani), kulumikizako kumatha, ndipo nkhani zonse zimene zinalemba acetaminophen yekha zimakudutsani. Pa African Journals Online musadalire kuti makina akulumikizirani. Lembani mayina onse awiri ndi OR pakati.

Mayina a pakamwa ndi a pa paketi ndiye amasokoneza koposa. Achibale akabwera kuchokera ku Malawi amati LA, kuno timati Coartem, koma chosakira ndi artemether lumefantrine. Cotri kapena Bactrim msakeni monga co-trimoxazole komanso trimethoprim sulfamethoxazole. TLD mumasuleni: tenofovir, lamivudine, dolutegravir. Panado musamulembe n'komwe.

4. Kalembedwe. Anaemia ndi anemia, diarrhoea ndi diarrhea, paediatric ndi pediatric, haemorrhage ndi hemorrhage. Pamene mwatseka kulumikiza kuja, lembani zonse ziwiri.

5. Mitengero yachuluka. Mukaika mawu asanu m'mitengero, mukulamula kuti akhale ondondozana momwemo. Olemba nkhani salemba mofanana choncho. Mitengero isungireni mawu awiri kapena atatu amene amayendadi limodzi.

Njira yofufuzira zonsezi ndi imodzi. Dinani Advanced, tsikani pa History and Search Details, ndipo tsegulani Details pa mzere wa kusaka kwanu. Pamenepo PubMed imaonetsa mmene yamvera mawu anu. Ndimadabwa kuti ophunzira ambiri amafika chaka chomaliza asanatsegulepo malo amenewa.

## Zatuluka zikwizikwi, zosawerengeka

1. AND ndi OR zasakanikirana. PubMed imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mukalemba malaria AND pregnancy OR artemether, imayamba yaphatikiza malungo ndi uchembere, kenako nkuthiramo nkhani iliyonse yotchula artemether, ya ana, ya mbewa za mu labotale, yonse. Mabulaketi amathetsa zimenezi, koma njira imene sinditaya nayo munthu ndi iyi:
- Sakani gawo lililonse palokha, mawu ofanana tanthauzo mutawalumikiza ndi OR.
- Pitani pa Advanced, pamene kusaka kulikonse kwapatsidwa nambala.
- Lembani #1 AND #2. AND, OR ndi NOT zikhale za zilembo zazikulu.

2. Liwu lili ndi matanthauzo angapo. ART kwa ife ndi ma ARV, koma kwa ena ndi njira zothandizira osabereka, ndipo kwa enanso ndi zojambulajambula. Lembani antiretroviral therapy mokwanira. Zidule zonse muzizikayikira choncho.

3. Kanyenyezi mwakaika msanga. Kanyenyezi kumapeto kwa liwu kamakoka mawu onse oyamba ndi zilembo zimenezo. Pharm* amabweretsa pharmacy, pharmacology, pharmacokinetics ndi pharmaceutical pamodzi. Ngati mukufuna za anthu ogwira ntchito m'famasi, lembani pharmacist*. Dziwaninso kuti kanyenyezi nako kamazimitsa kulumikiza mayina kuja.

4. Simunagwiritse ntchito MeSH. Tsegulani nkhokwe ya MeSH, pezani mankhwala anu, ndipo muona timitu ting'onoting'ono pansi pake: adverse effects ngati mukufuna zovuta zimene amabweretsa m'thupi, administration and dosage ngati mukufuna za mlingo, pharmacokinetics ngati mukufuna mmene amayendera m'thupi. Chongani kamodzi kapena tiwiri. Pali kabokosi kena kolembedwa Restrict to MeSH Major Topic, kamene kamasiya nkhani zokhazo zimene mankhwalawo ndiye mutu weniweni.

Chenjezo langa pa MeSH ndi zosefera monga Humans ndi za misinkhu: zimadalira kuti nkhaniyo yaikidwa kale mitu ya MeSH. Nkhani zongotuluka kumene, ndi zina za m'magazini amene sali mu MEDLINE (gawo la PubMed la magazini osankhidwa), zilibe mitu imeneyi, choncho zimatsalira kunja mwakachetechete. Ngati mukufuna zatsopano, sakaninso ndi mawu wamba mu Title/Abstract nkuphatikiza ziwirizo ndi OR.

5. Mukufuna kuwerenga zonse. Ngati funso lanu ndi lakuti mankhwala awa amathandiza kapena ayi, yambani ndi kusefa Systematic Review, nkhani zounika kafukufuku yense wa pa funso limodzi, kapena pitani ku Cochrane Library. Nkhani imodzi yotere imakusonkhanitsirani kafukufuku wambiri, ndipo m'munsi mwake mumapezamo nkhani zoti mutsatire.

## Zatuluka, koma za ku Zimbabwe kapena ku Malawi mulibe

Ili ndi vuto limene limandipweteka mtima, chifukwa wophunzira amathamangira kulemba kuti palibe kafukufuku amene anachitika kuno, pomwe alipo.

1. Mukusaka malo amodzi okha. Magazini ambiri a mu Africa sali mu PubMed. Yesani izi:
- African Journals Online, imene inayamba mu 1998 ndipo imayendetsedwa kuchokera ku South Africa.
- African Index Medicus ya World Health Organization.
- Nkhokwe za pa intaneti za mayunivesite, kumene amasungako kafukufuku wa ophunzira a digiri zapamwamba. Zambiri za m'mafamasi ndi m'makiliniki a muno mu Harare zili kumeneko, sizinafike m'magazini.
- Google Scholar, imene imakoka zonsezi mosasankha. Njabwino poyambira, koma musaidalire yokha.

M'nkhokwe zing'onozing'onozi lembani mawu awiri kapena atatu basi.

2. Dera mwalipanikiza. Kolera wa 2018 anavuta kwambiri ku Glen View ndi ku Budiriro, koma olemba ambiri pamutu amangoti Harare kapena Zimbabwe. Yambani ndi dziko, kenako mzinda. Zikachepabe, kwezani mpaka southern Africa kapena sub-Saharan Africa, chifukwa kafukufuku wamkulu wa HIV ndi TB nthawi zambiri amachitikira m'mayiko angapo pamodzi, ndipo Harare kapena Blantyre amatchulidwa mkati mwa nkhani, osati pamutu.

3. Mayina anasintha. Central African Journal of Medicine inayambitsidwa muno mu 1955 ndi Michael Gelfand, ndipo nkhani zake zakale zimati Rhodesia, Southern Rhodesia, Salisbury ndi Nyasaland. Mzinda uno unayamba kutchedwa Harare mu 1982. Chipatala cha Parirenyatwa kale chinali Andrew Fleming, ndipo cha Sally Mugabe ndi chija tinkati Harare Central. Nkhani zambiri za chaka cha 1975 chisanafike zilibe chidule mu PubMed, muli mutu wokha, ndiye mawu osakira akhale ochepa ndi apafupi.

4. Zitsamba mwazisaka ndi dzina la kumudzi. Nthawi ya COVID-19 aliyense kuno ankafukiza zumbani, koma m'magazini ndi Lippia javanica. Chammwamba ndi Moringa oleifera, mlambe ndi Adansonia digitata. Mayina a sayansi nawo amasintha: msangu lero ndi Faidherbia albida, m'nkhani zakale ndi Acacia albida. Komabe liwu la kuno musalitaye, chifukwa nthawi zina ndilo limatsegula khomo. Yesani kulemba kufungisisa, liwu la Chishona lotanthauza kuganiza kwambiri, muone nkhani za matenda a nkhawa zimene zimatuluka. Mukatero sakaninso Friendship Bench, ntchito ya Dixon Chibanda ndi anzake, imene kafukufuku wake wa m'makiliniki a mu Harare anatuluka m'magazini ya JAMA mu 2016.

Vuto lotembenuka limachitikanso. Mukalemba Zimbabwe m'kabokosi wamba, PubMed imayang'ananso pa adiresi ya olemba, ndiye mumalandira nkhani za kwina zimene mmodzi mwa olemba amagwira ntchito kuno. Zikakusokonezani, sankhani Title/Abstract.

## Nkhani mwaipeza, koma akufuna ndalama

Musalipire musanayese zonse zili m'munsizi. Madola makumi angapo pa nkhani imodzi si ndalama yoti mwana wa sukulu atulutse.

1. Mwalowera pakhomo lolakwika. Zimbabwe ndi Malawi ali m'gulu la mayiko amene masukulu ndi zipatala zake zolembetsa zimawerenga mwaulere kudzera mu Research4Life. Mbali yake ya zaumoyo ndi Hinari, imene World Health Organization inatsegula mu 2002. Koma wosindikiza amakuzindikirani pokhapokha mwadzera pakhomo limenelo. Mukachokera pa Google nkugwera pa tsamba la magazini, iye amakuonani ngati mlendo.
- Lowani kaye mu Research4Life ndi dzina ndi pasiwedi ya sukulu kapena chipatala chanu.
- Sakani dzina la magazini muli mkati momwemo.
- Tsatani chaka, voliyumu ndi tsamba mpaka pa nkhaniyo.

2. Ilipo yaulere kwina. Onani ngati pa PubMed pali chizindikiro cha PMC, nkhokwe ya nkhani zathunthu zaulere imene inayamba mu 2000. Malawi Medical Journal imapezeka mmenemo. Pa Google Scholar dinani All versions pansi pa mutu wa nkhaniyo. Unpaywall, kachida koika mu Chrome kapena Firefox, kamakulozerani kope lovomerezeka laulere ngati lilipo.

3. Wosindikiza sanaipereke ku dziko lino, kapena zaka zimenezo mulibe. Si magazini onse a mu Research4Life amene amatseguka m'dziko lililonse. Pamenepa pasiwedi ilibe mlandu. Lemberani mwini nkhani pa imelo imene ili pa tsamba loyamba, mizere itatu yaulemu: ndinu ndani, mukufufuza chiyani, mukupempha nkhani iti. Ambiri amatumiza, ndipo amakondwera kuti wina ku Harare akuwawerenga.

## Pasiwedi ikukana, tsamba silikutseguka, PDF yaduka

1. Bandulo. Ngati munagula ya WhatsApp kapena Facebook yokha, mauthenga azilowa bwinobwino koma PubMed siitseguka. Tsegulani tsamba lina lililonse muone.

2. Pasiwedi inasinthidwa. Imene munalandira kwa mnzanu chaka chatha mwina inafa kale. Funsani ku laibulale. Ndikupempheninso: musaiponye m'magulu a WhatsApp, ndipo musatsitse magazini yathunthu nthawi imodzi. Akaona kuti ikugwiritsidwa ntchito molakwika amatha kutsekera sukulu yonse, anzanu nkuvutika chifukwa cha inu.

3. Muli kunja kwa sukulu. Nkhokwe zina zimakuzindikirani ndi netiweki ya pasukulu. Mukakhala kunyumba ku Tafara kapena ku Dzivarasekwa muyenera kudzera pa khomo la ophunzira akunja limene laibulale yanu inakonza.

4. VPN yayaka. Imakuonetsani ngati muli dziko lina. Izimitseni.

5. Tsiku la pa kompyuta lasokonekera. Laputopu yakale ikathera moto magetsi atazima nthawi yaitali, nthawi zina imabwerera ku chaka chakale, ndipo masamba onse amayamba kuchenjeza kuti si otetezeka. Konzani tsiku ndi nthawi.

PDF imene yaduka netiweki itagwa siikonzeka, ifafanizeni nkutsitsanso. Ndipo popeza magetsi sapangana, dziwani kuti History ya PubMed imafufutika pakapita maola 8 musanaikhudze. Mawu amene agwira ntchito akopereni mu fayilo nthawi yomweyo, pamodzi ndi tsiku ndi chiwerengero cha zotuluka. Mphunzitsi wanu adzakufunsani zimenezi pa mutu wa njira zofufuzira.

## Nkhani imene munapatsidwa sikupezeka, kapena ikukayikitsa

1. Inapekedwa ndi makina. Masiku ano ichi ndicho chafala. ChatGPT ndi anzake amatha kulemba mutu womveka bwino, mayina a akatswiri enieni ndi dzina la magazini yeniyeni, koma nkhaniyo kulibe. Koperani mutu wake mu PubMed ndi mu Google Scholar. Ngati pali nambala ya DOI, yozindikirira nkhaniyo, yoyamba ndi 10, iyeseni pa doi.org. Ikakana konseko, kapena ikakufikitsani pa nkhani ina, ichotseni pa ntchito yanu.

2. Chaka kapena dzina linalakwika pokopera. Gwiritsani ntchito Single Citation Matcher ya PubMed, ndipo mudzaze zochepa: dzina la wolemba woyamba, chaka ndi tsamba loyamba.

3. Inachotsedwa. Nkhani ya Andrew Wakefield yonamizira katemera wa ana wa MMR inatuluka m'magazini ya The Lancet mu 1998 nkuchotsedwa mu 2010. Ina ya hydroxychloroquine ndi COVID-19 inachotsedwa m'magazini yomweyo mu 2020 patangopita masabata ochepa. PDF imene ikuyenda m'mafoni siisonyeza zimenezi. Tsegulani nkhaniyo pa PubMed muone ngati pali chenjezo la Retracted. Pulogalamu yaulere yosungira mndandanda wa nkhani, yotchedwa Zotero, imachenjezanso yokha.

4. Magazini ndi ya katangale. Alipo amene amasindikiza chilichonse bola walipira. Fufuzani dzina lake mu NLM Catalog, mndandanda wa National Library of Medicine, muone ngati palembedwa kuti ili mu MEDLINE, kapena mu Directory of Open Access Journals. Kupezeka kwa nkhani imodzi mu PubMed sikutanthauza kuti magazini yonse ndi yodalirika.

## Pamene muyenera kusiya

Tsekani laputopu ndipo funsani munthu ngati:
- Pali wodwala weniweni patsogolo panu. Mwana wamwa parafini, munthu wamwa mankhwala a mbewu kapena a makoswe, wina wameza mapiritsi ambiri: thamangani naye kuchipatala. Ogwira ntchito zaumoyo angafunsenso ku Drug and Toxicology Information Service ya ku University of Zimbabwe.
- Mukufuna mlingo wa mankhwala, makamaka wa mwana, mayi woyembekezera kapena wodwala impso. Tsegulani EDLIZ, buku la boma la Zimbabwe la mankhwala ofunikira ndi malangizo a chithandizo, ndipo funsani dokotala kapena wamkulu wa famasi. Chidule cha nkhani imodzi si chilolezo chosinthira mlingo.
- Mwawerenga zimene zikukuchititsani kuganiza zosiya ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, kapena kuwaphatikiza ndi zitsamba. Izi ndimazimva ngakhale kwa azibambo ndi azimayi a mumpingo amene ana awo anawawerengera pa foni. Pitani nayo nkhaniyo kukiliniki, musanasinthe kalikonse.
- Mwaona vuto limene mukuganiza kuti labwera ndi mankhwala. Wodwala athandizidwe kaye, kenako lipoti lipite ku Medicines Control Authority of Zimbabwe. Simuyenera kudikira kuti mupeze umboni m'magazini.

Kwa woyang'anira laibulale pitani ngati mukulemba systematic review, chifukwa kusaka kwake kumayenera kulembedwa mwatsatanetsatane motsata malangizo otchedwa PRISMA ndi kuchitika m'nkhokwe zingapo. Pitaninso ngati pasiwedi yatsopano ikukanabe. Kapena ngati mwatha maola awiri mukuzungulira pamodzimodzi. Safunsa anadya phula, ndipo anthu amenewa ndi ntchito yawo, amaidziwa kuposa ine. Popita tengani funso lanu lolembedwa m'chiganizo chimodzi, fayilo ija ya mawu amene mwayesa kale, ndi nkhani ziwiri kapena zitatu zimene mukudziwa kuti zikugwirizana ndi mutu wanu. Iye adzatsegula nkhanizo, aone mitu ya MeSH imene zinapatsidwa, nkuyambira pamenepo.